Kusamalira ndi kukonza njinga yamoto yakale ya trials pakhomo

Njinga yamoto ya mtundu wa trials sinapangidwe kuti izithamanga pamsewu kapena kunyamula matumba a mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano. Inapangidwira kuyenda pang'onopang'ono pamiyala, m'makwawa ndi m'zitunda, wokwerayo ataimirira pa zopondera, osatsitsa phazi pansi. Masewera amenewa anayambira ku Britain, ndipo mpikisano wake wotchuka wa Scottish Six Days Trial unayamba mu 1909. Njinga zakale zimene munthu angakumane nazo lero ndi monga Yamaha TY175 ndi TY250, Honda TL125, ndiponso Bultaco Sherpa ndi Montesa Cota za ku Spain, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'zaka za m'ma 1970. Kuno kuchigawo cha Tete, ku Mozambique, n'zosowa, ndipo amene ali nayo asayembekezere kupeza zipangizo zake zonse m'mashopu a ku Ulónguè kapena ku Moatize. Fakitale yakale ya Bultaco inatsekedwa mu 1983, choncho chitsulo chilichonse chimene mwachithyola chifukwa cha phuma chikhoza kuimitsa njingayo kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake malangizowa akutsata ndondomeko imodzi, yoyambira pa zinthu zapafupi ndi zotchipa, injini n'kudzaitsegula pamapeto penipeni zina zonse zitayesedwa.

Yambani mwakonza malo. Sankhani pamthunzi pomwe sipawomba fumbi, yalani lona kapena thumba loyera, ndipo njingayo muikhazike pa chitsa kapena bokosi lolimba kuti matayala onse awiri alendewere. Mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali, chifukwa petulo amayaka ngakhale ndi nthunzi yake yokha, ndipo musalize injini m'nyumba yotseka. Pa njinga za ku Japan mufunika masipanala a nambala 8, 10, 12, 14 ndi 17, pomwe za ku Spain zimafunanso 11, 13 ndi 19. Mukhalenso ndi sipanala ya pulagi, timapepala tachitsulo toyezera mpata, ndi sikuludiraiva yomenya ndi hamala, chifukwa masikuluwu a pa zivundikiro za injini amene akhala zaka makumi anayi osamasulidwa amadyeka mutu mukangowakakamiza ndi dzanja. Musanamasule chinthu chilichonse, chijambuleni ndi foni, ndipo tizitsulo ta mbali imodzi muzitiika m'kachitini kawokawo.

Kenako tsukani njinga yonse ndi madzi a sopo ndi burashi, mutatseka kukamwa kwa ekizozi ndi nsanza. Kutsuka ndi njira yoyamba yofufuzira matenda, chifukwa dzanja likamadutsa paliponse ndi pomwe mumapeza bawuti yomasuka, waya wosupuka, mng'alu pa felemu pafupi ndi zopondera, kapena pamene oyilo akuchucha.

Mukatero tsegulani sefa ya mpweya. M'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu ya ku Angónia ndi ku Macanga limalowa paliponse, ndipo fumbi likadutsa sefa limasakanikirana ndi oyilo n'kuyamba kupala pisitoni ndi silinda ngati mchenga wotsukira mphika. Sefa ya njinga zimenezi ndi siponji. Itsukeni m'palafini, kenako m'madzi a sopo, muifinye m'manja koma osaipotokola, iume pamthunzi. Ikauma, ithireni oyilo pang'ono n'kuifinyafinya mpaka alowerere ponseponse, otsalawo muwafinyire pansalu, ndipo m'mphepete momwe imagundana ndi bokosi lake mupake girisi kuti fumbi lisazembere m'mbali. Siponji imene ikunyenyeka mukaitsina yatha ntchito. Musadule ya matiresi kuti ilowe m'malo mwake, chifukwa imeneyo petulo amaiwononga ndipo zidutswa zake zimathera mu kabureta. Gulani sefa ya njinga ina ya siponji yeniyeni n'kuidula molingana ndi yakaleyo.

Za petulo pali zofunika kuzinena momveka. Ambiri mwa ife timagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu chifukwa malo omwetsera mafuta ali kutali, ndipo petulo wotereyu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala. Liimikeni botololo kwa kanthawi n'kuyang'ana pansi pake, chifukwa madzi amakhazikika pansi ngati timikanda. Thirani kudzera pansalu yoyera, ndipo wotsalira kumapeto musamuthire m'thanki. Mukamatuma mwana kukagula, kumbukirani kuti pa Chipwitikizi petulo ndi gasolina, pomwe petróleo ndi palafini. Amene amagula mafuta kutsidya kwa malire, cha ku Dedza kapena ku Mwanza, adziwe kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amafewetsa mathanki a fiberglass amene njinga zambiri zakale za ku Spain zinabwera nawo, mpaka phala lake kumata kabureta. Ngati thanki ndi yachitsulo ndipo mkati mwachita dzimbiri, ichotseni, muikemo timanati todzaza dzanja ndi palafini, muikhutchumule kwa nthawi yaitali, mutsukuluze mpaka palafini azituluka woyera, ndipo manatiwo muwawerenge polowa ndi potuluka. Pa payipi yopita ku kabureta muikepo kasefa kakang'ono koonekera mkati.

Njinga zonse zatchulidwazi, kupatula Honda TL125, injini zake ndi za two-stroke, zomwe zimadalira oyilo wolowa limodzi ndi petulo. Gwiritsani ntchito oyilo wolembedwa 2T basi, osati wa galimoto. Posakaniza pa mlingo wa 40:1, kutanthauza magawo 40 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, mumathira mamililita 25 pa lita imodzi ya petulo, ndipo pa 50:1 mumathira mamililita 20. Ineyo ndimakonda 40:1 pa injini yakale yoziziritsidwa ndi mpweya m'dziko lotentha ngati lathu. Yezani ndi jekeseni yopanda singano, osati ndi maso, ndipo musakanizire m'chigubu musanathire m'thanki. Ma Yamaha TY anabwera ndi pampu ya oyilo yotchedwa Autolube. Ngati ikadalipo, onetsetsani kuti kathanki kake kali ndi oyilo, kebulo yake ikuyenda limodzi ndi ya moto, ndiponso kuti m'kapayipi mulibe thovu la mpweya. Ngati mwini wakale anaichotsa, tsimikizani kuti kabowo kolowera oyilo kanatsekedwa bwino, ndipo musayese kuliza injini ndi petulo wosasakaniza ngakhale kwa mphindi imodzi.

Tsopano tafika pa kabureta, pomwe pagona khalidwe lonse la njinga ya trials. Njinga ya kabaza ikhoza kumayenda ndi kabureta yakuda mwini wake osadandaula, chifukwa nthawi zonse imakhala pamoto waukulu, koma iyi ntchito yake imagwirika injini ikulira motsitsa kwambiri, ndipo iyenera kuyankha nthawi yomweyo mukangopotokola dzanja pang'ono kutsogolo kwa mwala. Tsekani kampopi ka petulo, masulani chivundikiro chapamwamba n'kusolola silaidi, kachitsulo kamene kamakwera mukapatsa moto, ndi singano yake, kenako chotsani kabureta yonse. Mukatsegula kambale kapansi mudzaona fuloti yoyandama pa petulo, ndi majeti awiri, timabawuti taboo todutsamo petulo: jeti yaikulu pakati, ndi jeti yaing'ono yobisika m'kabowo pambali pake. Jeti yaing'onoyo ndi imene imadyetsa injini pamoto wochepa, ndipo kabowo kake n'kochepa kuposa nsonga ya singano yosokera. Imasuleni ndi sikuludiraiva yokwana bwino m'kamzera kake, chifukwa ndi ya mkuwa wofewa. Iyang'aneni polozetsa kudzuwa: muyenera kuona kadontho ka kuwala kozungulira bwinobwino. Ngati simukukaona, iviikeni m'petulo woyera, muiuzire ndi pampu ya njinga yakapalasa, ndipo ikakanabe mulowetsemo kaubweya kamodzi ka burashi yapulasitiki. Singano kapena waya wachitsulo musayerekeze, chifukwa zimakuza bowo ndipo jetiyo siidzabwereranso mwakale.

Gwedezani fuloti pafupi ndi khutu. Ngati mukumva madzi mkati ndiye kuti yabooka. Onaninso kansonga kamene kamatseka petulo fuloti ikakwera, chifukwa kakadyeka n'kupanga kamphako, kabureta imasefukira. Pambali pa kabureta pali kasikuluwu ka mpweya. Musanakachotse, kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde, mukuwerenga kuti kazungulira kangati, ndipo nambalayo muilembe. Pa makabureta ambiri a two-stroke poyambira pabwino ndi kukabweza kamodzi ndi theka. Mukabwezeretsa zonse, lizani injini itenthe, kwezani kulira kwake pang'ono ndi sikuluwu ya silaidi, kenako tembenuzani ka mpweyako pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka mutapeza pamene injini ikulira mosalala kwambiri, ndipo pomaliza mutsitsenso kulirako. Mphira yolumikiza kabureta ndi injini muipindepinde n'kuona ngati ili ndi ming'alu, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umasokoneza zonse zimene mwachita.

Pali chinthu chimodzi chokhudza chigawo chathu chino chimene sichiyenera kuiwalika. Ulónguè ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, sufika ngakhale mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, motero injini imalandira petulo wochuluka poyerekeza ndi mpweya, ndipo munthu amakopeka kuika jeti yocheperapo kapena kutsitsa singano ya silaidi. Njinga yokonzedwa motero ikatsikira ku Moatize mu Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, imaperewera petulo ndi oyilo womwe, ndipo pisitoni ikhoza kugwira. Pulagi ndi imene imakuuzani zoona. Mukayenda kwa kanthawi, imasuleni n'kuona nsonga yake: ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino, ikakhala yakuda ndi mwaye petulo wachuluka kapena sefa yatsekeka, koma ikayera mbuu, imani pomwepo. Kuti muwonjezere petulo pamoto wapakati, tsitsani kakilipu ka pa singano ndi mzera umodzi, zomwe zimakweza singanoyo. Pakati pa zolakwika ziwirizi, kuchulukitsa petulo pang'ono kumangodetsa pulagi, pomwe kuchepetsa kumawononga silinda imene simungaipeze.

Ngati petulo akufika koma njinga sikulira, yang'anani moto wa pa pulagi. Ikani pulagi yatsopano m'kapu yake, mpata wa kunsonga kwake ukhale pafupifupi mamilimita 0.6, muigundike pa silinda n'kuponda kiki muli pamthunzi. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Ukakhala wofooka kapena palibiretu, yambani mwachotsa waya wa batani lozimitsira, chifukwa kawirikawiri ndi iye amene amagunda felemu, kenako palani dzimbiri pamene koyilo yotumiza moto ku pulagi yamangidwa. Mukatero tsegulani chivundikiro cha magineto, mbali imene injini imapangira magetsi. Njinga zambiri za nthawi imeneyo zili ndi mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene timagundana ndi kutalikirana kuti moto uthetheke pa pulagi, ndipo mumawaona kudzera pa mawindo a fulayiwilo, gudumu lolemera la magineto. Zungulizani fulayiwilo ndi dzanja mpaka mapoyinti atatseguka kotheratu. Mpata wake ukhale pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4. Apukuteni ndi sandipepa yosalala kwambiri, kenako mudutsitsepo kapepala koyera kolimba mpaka kazituluka kopanda banga, chifukwa kadontho ka oyilo kokha n'kokwanira kuzimitsa moto. Kusintha mpata umenewu kumasinthanso nthawi imene moto umathetheka, choncho mukamaliza ikani kapepala kopyapyala pakati pa mapoyinti, muzungulize fulayiwilo molowera komwe injini imazungulira, ndipo kapepalako kayenera kumasuka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, pa mlingo wolembedwa m'buku la njinga yanu.

Njinga imene imalira bwino m'mawa koma ikatentha imayamba kudukiza n'kuzima, n'kudzaliranso ikazizira, nthawi zambiri vuto lake ndi kondensa, kachipangizo kamagetsi kogwira ntchito limodzi ndi mapoyinti, kapena koyilo, ngakhale anthu amathamangira kumasula kabureta. Kuti musinthe mapoyinti kapena kondensa muyenera kuchotsa fulayiwilo, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musagwiritse ntchito hamala kapena chitsulo chotemulira. Pamafunika pula, chida chosololera fulayiwilo, yomangira pakati, ndipo ya Yamaha imamangidwa mozungulira kumanzere. Ngati mulibe, ibwerekeni kwa makaniko amene amakonza ma Yamaha DT. Pobwezeretsa, onetsetsani kuti kakiyi kooneka ngati mwezi wongokhala kumene kali m'malo mwake pa kiranki, ndipo natiyo imangidwe zolimba. Mukawoloka mtsinje nthawi yadzinja, tsegulani chivundikirochi madzulo ake kuti mkati muume.

Fulayiwilo idakali poyera, igwireni ndi manja awiri n'kuikankha m'mwamba ndi pansi. Ikamagwedera, mabering'i a kiranki atha. Kumbuyo kwa magineto kuli sili ya mphira yotchinga mpweya ndi oyilo pa kiranki, ndipo ina ili mbali ya kilatchi. Ya mbali ya magineto ikauma, injini imayamwa mpweya ndipo imachedwa kutsika mukasiya moto, kapena imakwera yokha. Ya mbali ya kilatchi ikatha, injini imayamwa oyilo wa magiya, utsi umachuluka n'kumanunkha mwachilendo, ndipo oyilo wa magiya amachepa popanda pochuchira. Pa njinga ya zaka zimenezi masili awiriwa ndi oyenera kuwakayikira, ndipo palibe kabureta imene ingakonzeke iwo ali otha. Nambala za masiliwo zalembedwa pa mphira pomwepo, ndipo ogulitsa mabering'i ndi masili mumzinda wa Tete mukawapatsa yakaleyo akhoza kukufunirani yolingana nayo.

Oyilo wa magiya mumukhuthule injini ili yofunda. Akatuluka wotuwa ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, ndipo mumusinthe kawiri motsatizana. Thirani oyilo wa njinga zamoto, chifukwa ena a galimoto amaterereketsa kilatchi. Pa Bultaco kumbukirani kuti kilatchi ndi magiya zili ndi oyilo wosiyana, chilichonse ndi pothirira pake. Chogwirira cha kilatchi chikhale ndi kampata kochepa chisanayambe kukoka, ndipo makebulo onse muwadonthezere oyilo mpaka atulukire kumunsi. Mwini Honda TL125 ntchito yake yaikulu ndi kusintha oyilo wa injini pafupipafupi ndi kutsuka kasefa kawaya kamene kali kuseri kwa chotsekera potulutsira oyilo, chifukwa kamshafuti yake, chitsulo chotsegula mavalavu, imazungulira pa chitsulo cha hedi yeniyeniyo, ndipo oyilo wakuda amadya hediyo. Mpata wa mavalavu ake ndi mamilimita 0.05 injini ili yozizira.

Pokhapokha zonsezi zitakhala bwino koma kiki ikutsika mopepuka ndipo njinga ilibe mphamvu, m'pamene mungatsegule hedi ndi silinda. Mukangokweza silinda pang'ono, tsekani kukamwa kwa injini ndi nsanza yoyera kuti kakilipu kapena chidutswa cha ring'i chisagweremo. Palani mwaye wa pamutu pa pisitoni ndi wa pabowo la ekizozi ndi kamtengo kolimba kapena kachitsulo kofewa. Mizere imene chikhadabo chikukodwamo mkati mwa silinda ikutanthauza kuti ntchitoyo ndi ya kumakina oboolera, osati ya pakhomo. Pobwezeretsa injini ya two-stroke, muvi wa pa pisitoni uloze ku ekizozi, makamwa a maring'i akhale pa timisomali tawo ta m'mizere, tikilipi ta pini tikhale tatsopano, ndipo manati a hedi muwamange mopingasa, pang'onopang'ono. Injini ya TY175 ndi ya banja limodzi ndi DT175, ndipo ya TL125 ndi ya banja la XL125, motero zipangizo zina zimalowana, koma nthawi zonse tengani chakalecho mukachiyerekeze musanalipire.

Za kumatayala sizichedwetsa. Tcheni muchitsuke m'palafini n'kuchithira oyilo, chikhale ndi mpata wosewera pang'ono wokwera atakhalapo, ndipo kakilipu kolumikizira kaloze mbali yake yotseka komwe tcheni chikupita. Mano a sipuroketi akapindika ngati minga ya mthethe, sinthani tcheni ndi masipuroketi onse pamodzi. Masipoko muwagogode limodzilimodzi ndi sipanala: lomangika limalira mokweza, lomasuka limangoti phu. Gudumu lakutsogolo ndi la mainchi 21, lakumbuyo la 18. M'miyala matayala amenewa amayendera mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 0.4 bar kutsogolo ndi 0.3 kumbuyo pa geji yoyezera mpweya, ndipo zimenezi zimatheka chifukwa cha mabawuti ogwira tayala ku limu, omwe ayenera kukhala omangika. Valavu ikayamba kupendekeka ndiye kuti tayala likuserereka ndipo chubu chatsala pang'ono kung'ambika. Popita pamsewu wouma onjezani mpweya upitirire 1 bar.

Mabuleki ndi a dilamu. Fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa, chifukwa mashuzi akale ena anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Yang'anitsitsani ngati chikopa cha shuzi sichinayambe kumatuka pa chitsulo chake, chifukwa chikamatuka muli paulendo gudumu limagwira mwadzidzidzi. Pakani girisi wochepa pa kamtanda kotsegula mashuzi, ndipo pomanga nati ya ekisero mukhale mutagwira buleki kuti mashuzi akhale pakati. Njinga idakali pachitsa, gwedezani mafoloko kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso gudumu lakumbuyo uku ndi uku, kuti mumve ngati mabering'i a khosi ndi mabushi a mkono wakumbuyo akugwedera. Onaninso kuti mphira ya pakati pa injini ndi chitsulo choteteza kunsi ilipo, chifukwa popanda iyo mwala umodzi ukhoza kuswa injini.

Poyesa njingayo valani chipewa cholimba ndi nsapato zotseka akakolo, ndipo muyambire pabwalo lathyathyathya. Ikani giya yoyamba, imirirani pa zopondera, muyende pa liwiro la munthu woyenda pansi mukukhota mozungulira, kenako mupatse moto mwadzidzidzi. Ikayankha mosadodoma, ntchito yatheka. Ikazengereza ngati ikufuna kuzima, bwererani ku jeti yaing'ono ndi kasikuluwu ka mpweya musanakhudze china chilichonse. Njinga zambiri za trials zilibe nyali kapena nambala, choncho musalowe nayo pamsewu waukulu wa ku Zóbuè kapena wa ku Calómuè popanda mapepala ake ndi chiphaso choyendetsera. Mukamaliza kuyesa, injini ikazizira, bwerezani kumanga manati a hedi, a maekisero ndi a zopondera. Ngati njingayo ikhala milungu ingapo osayenda, monga zimachitikira nthawi yolima, tsekani kampopi ka petulo injini ikulira mpaka izime yokha, khuthulani wotsala m'kambale ka kabureta, donthezerani oyilo wa 2T pang'ono pabowo la pulagi n'kuponda kiki kawiri kapena katatu, ndipo muiimike pachitsa m'nyumba mouma, bokosi la sefa mutalitseka bwino kuti makoswe asamangemo chisa.